Jombo za Boma pa Kamfiti ka Baudilio

Kalata inati Baudilio Sinisterra akapezeke pa njanji Lachiwiri nthawi ya 9 koloko m'mawa, atavala jombo zimene analandira ku ofesi, kuti boma lione ngati amatha kuyendetsa kamfiti. Apa n'kuti atakayendetsa kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi. Boma lathu silichita zinthu mwaphuma. Limayamba lamusiya munthu akalambire pa ntchito, kenako n'kubwera kudzafunsa ngati ntchitoyo amaidziwa.

Kamfiti ndi matabwa okhomedwa pamodzi, mabenchi awiri pamwamba, timawilo tachitsulo pansi, ndi njinga yamoto yomangiriridwa pambali, teyala lake lakumbuyo litaponda njanji. Alendo akabwera kumzinda wa pa doko wa Buenaventura, tsiku loyamba amaona nyanja n'kudandaula kuti mchenga wake ndi wakuda. Tsiku lachiwiri amakwera boti kukaona anamgumi, n'kubwerako atasanza. Tsiku lachitatu wina amawauza za mtsinje wa ku San Cipriano, woyera moti umawerenga miyala pansi pake, komwe msewu sufika. Pamenepo ndiye amagwa m'manja mwa Baudilio ndi anzake.

Iye anayamba ali ndi zaka makumi awiri, njinga zamoto zisanabwere, akukankha matabwawo ndi mtengo wautali ngati woyendetsa bwato. Akuti dzina la kamfiti analipereka ndi amayi ena ochapa kumtsinje, ataona amuna akuuluka m'nkhalango atagwira ndodo. Baudilio ananyamulapo nthochi, simenti, mabokosi a maliro, ansembe, asilikali, azimayi apakati awiri amene sanadikire kufika, ndi nkhumba imodzi imene inadumpha pa mlatho. Mkazi wake Casilda anamufunsira ali pa kamfiti, ndipo ndi pa kamfiti pomwe anamunyamula ulendo womaliza wopita kuchipatala. Njinga yamoto itabwera inamupumitsa msana n'kumulanda makutu. Lakumanzere linafa kalekale. Lakumanja limamva ngati mmene munthu amene ali pansi pa madzi amamvera anthu a kumtunda.

Nkhani ya makutuyi ankaidziwa ndi munthu mmodzi, mlamu wake Anatilde Riascos, mng'ono wa Casilda, amene amagulitsa chontaduro, zipatso zathu za kanjedza zophika ndi mchere. Ena onse ankangoti Baudilio ndi wonyada, sayankha msanga. Pa chiwongolero cha njinga anamangapo kalilole wamkulu wa basi, osati woonera njira, koma woonera milomo ya okwera.

Njanji ndi imodzi yokha. Timfiti tiwiri tikakumana, kopepuka ndi kamene kamatsitsa anthu n'kunyamulidwa kupita pambali, ndipo mkangano wa kuti kopepuka ndi kati umatha kutenga theka la ola. Koma sitima ya katundu sikambirana ndi munthu. Achinyamata amadalira mafoni, ndipo kumene mafoni sagwira amadalira makutu. Baudilio ankadalira phazi. Malo atatu, pa gulaye wa mtengo waukulu, pakamwa pa phanga, ndi asanakwere mlatho wautali, ankazimitsa injini, kutsika, n'kuponda chitsulo ndi phazi lopanda nsapato. Anamuphunzitsa ndi bambo ake, amene ankagwira ntchito yokonza njanji. Kamfiti kanzake kakamabwera kamanyerenyetsa zala zokha. Sitima imakwera mpaka m'kakolo, idakali kutali zedi.

Kenaka akuluakulu anakumana mu hotelo ina mumzinda wa Cali kwa masiku atatu, n'kutulukamo ndi fomu ya mafunso makumi awiri. Funso la nambala 9 linati woyendetsa avale jombo zomanga zingwe ndipo asavule. La nambala 11 linati asaime paliponse popanda chikwangwani, ndipo zikwangwanizo zinali ziwiri, ponyamukira ndi pofikira. La nambala 14 linali la kumva. Wolakwa mafunso awiri ankakhululukidwa. Wolakwa atatu, kapena la nambala 14 lokhalo, ankalandidwa chiphaso, ndipo wopanda chiphaso sankaloledwa kunyamula ngakhale nkhuku. Baudilio analibe munda, analibe bwato, analibe mwana pafupi. Anali ndi matabwa, njinga, ndi makilomita asanu ndi awiri a chitsulo.

Amene anabwera kudzamuyesa anali a dokotala Arbeláez. Sanali dokotala wa matenda. Kuno aliyense wotsika galimoto ya boma atavala malaya osita timamutcha dokotala, ndipo sitinamvepo wina atakana. Anali bambo aatali, oonda, a magalasi, fomu ataiika m'thumba la pulasitiki kuopa mvula, zomwe zinasonyeza kuti wina anawachenjeza za dera lathu. Panalinso alendo awiri okalamba ochokera ku Tunja, tauni ya kumapiri, mphunzitsi wopuma ntchito ndi mkazi wake, nkhope zitapsa ndi dzuwa la kunyanja. Ndipo panali Anatilde, amene Lachiwiri sapita konse kumtsinje, koma tsikuli anafika ndi beseni lake n'kukakhala pamalo penipeni pamene kalilole amagwira.

“Alamu, lero mwavala jombo?” anatero akuyang'ana mapazi a Baudilio. “Kodi kuli maliro a ndani?”

“Anu, mukapitiriza kulongolola.”

“Mukuyenda ngati bakha wakuba mazira. Bwana, muwalembe kuti amadziwa kuyendetsa koma kuyenda sadziwa.”

A dokotala sanaseke. Anatulutsa pepala lina lokhala ndi chidindo n'kuuza alendowo kuti asade nkhawa, kampani ya njanji yalemba kuti mwezi wonse uno sitima siyenda chifukwa nthaka inagumuka kumtunda. Kenaka anakhala pansi kumanzere kwa Baudilio, pafupi kwambiri, pa khutu lakufa, pamene kalilole sanali kufika.

Ananyamuka. Nkhalango inawatsekera mbali zonse, mphepo ikumenya kumaso, timawilo tikulira pa chitsulo. Baudilio anaona mu kalilole Anatilde akuyasamula milomo mokokomeza.

“Akuti muli ndi zaka zingati, alamu. Musachotsereko ngati mmene mumachitira kwa atsikana a ku doko.”

“Makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi, dokotala.”

Patapita kanthawi milomo ya Anatilde inayambanso. “Akuti munachitapo ngozi? Ya mkazi wa mnzanu Eleuterio ija musaiwerenge.”

“Sindinachitepo, dokotala.”

“Mayi,” anatero a dokotala, “ndikufunsa iwowa.”

“Ndine mlamu wawo, bwana. Chimwalirireni achemwali anga ndimawayankhira ndine. Paokha sangakuuzeni ngakhale dzina lawo.”

Gulaye wa mtengo waukulu anatulukira. Dzanja la Baudilio linapita lokha pa buleki, koma analibweza. Phazi linayabwa mkati mwa jombo ngati mwalowa nyerere. Anapinda gulayeyo atatseka mpweya, maso ali pa masamba a kutsogolo, ndipo njanji inali yoyera. Aka kanali koyamba kudutsa pamenepo osafunsa chitsulo chiyambireni kufa makutu.

Pa phanga anachepetsa liwiro. Phangalo ndi lalifupi, kuwala kwa mbali inayo kumaoneka, koma kuseri kwake njanji imakhota. A dokotala anagogoda wotchi yawo ndi cholembera, poti funso lina linali la kusunga nthawi. Baudilio analowa. Madzi ozizira anawadonthera m'makosi, mayi wa ku Tunja akuseka n'kumajambula ndi foni. Atatuluka, malaya a Baudilio anali atamata pamsana, ndipo sanali madzi a m'phanga.

Apa n'pamene chinthu china chinayamba kumudya. Chinyamukireni sanakumane ndi kamfiti ngakhale kamodzi kochokera kumtsinje. Nthawi ngati imeneyi amayenera kukhala atakangana kale ndi awiri kapena atatu. Mwina anthu anagonereza. Mwina anamva kuti kuli woyesa n'kubisala, poti ambiri jombo zawo anagulitsa. Kapena mwina anaona chinachake kumtundako n'kuchotsa matabwa awo pa njanji. Anayang'ana mu kalilole. Anatilde anali atasiya nthabwala, akuyang'ana foni yake imene sinkagwira, kenaka anakweza maso n'kupukusa mutu pang'ono. Nayenso anali ataona kuti timfiti sitikubwera.

Mlathowo ndi wautali, wopanda poima pambali, mitanda yake yokhala ndi mipata yoonera madzi pansi, kutali. Ukangowoloka, njanji imazimirira kuseri kwa phiri. Wokumana ndi sitima pakati pake amasankha pakati pa chitsulo ndi miyala ya mumtsinje. Baudilio anawerengetsa mumtima. Akaima, nambala 11 yapita. Akavula, nambala 9 yapita. Akatero ndiye kuti watsala pa ulusi, ndipo a dokotala ayamba kufunsa chifukwa chake munthu wa makutu awiri amafunsira sitima ku phazi. Pepala la chidindo linati sitima kulibe. Akanangodutsa, mphindi imodzi yokha, bwenzi masana akudya nsomba ya kokonati ndi chiphaso m'thumba.

Anayang'ana mphunzitsi uja, amene anali atagwira chipewa cha mkazi wake kuti chisauluke. Anazimitsa injini.

“Chavuta n'chiyani?” anafunsa a dokotala. Tsopano Baudilio anali atatembenuka ndipo ankawaona pakamwa. “Pano palibe chikwangwani.”

“Palibe, dokotala.”

Anakhala pa thabwa n'kuyamba kumasula chingwe cha jombo ya kumanja. Mfundo inakana, anachita kuikoka ndi mano. A dokotala anatulutsa fomu m'pulasitiki muja, n'kulemba kachizindikiro kamodzi, kenaka kachiwiri, mosafulumira, ngati munthu amene akusaina khadi la ukwati. Baudilio anaika jomboyo pa njanji, n'kuponda chitsulo ndi phazi, maso atatsinzina.

Poyamba panalibe kanthu, kutentha kwa dzuwa kokha. Kenaka chinabwera, chaching'ono ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Chinadutsa zala, chinadutsa chidendene, n'kukaima m'kakolo.

“Tsikani nonse. Aphunzitsi, gwirani ngodya iyo. Alamu, chotsani beseni.”

“Bambo Sinisterra, ndakuwerengerani kalata ya kampani.”

“Ndinaiona, dokotala. Sitimayo mwina sinawerenge. Gwirani apa.”

A dokotala sanagwire. Baudilio, mphunzitsi ndi Anatilde anakokera kamfiti pa udzu, njinga ikulendewera, ndipo onse anaima m'mbali mwa njanji akuyang'ana tsidya la mlatho. Kunali zii. Mtsinje unkayenda pansi, agulugufe akuuluka pamwamba pa mitanda. Mvula yowaza inayamba, monga imachitira kuno ikaona anthu ataima.

“Mphindi zinayi,” anatero a dokotala.

Mayi wa ku Tunja anafunsa ngati zimenezi zili mbali ya ulendo. Anatilde anamupatsa chontaduro kuti akhale chete.

“Zisanu ndi ziwiri.”

Baudilio anabwerera pa njanji n'kupondanso. Panalibe kanthu. Anasuntha phazi, anayesa chitsulo chinacho, anapukuta chidendene pa thalauza n'kuyesanso. Chitsulo chinali chete ngati mwala. Makutu aja nawonso anayamba chonchi, kumuuza zinthu zimene kulibe asanasiyiretu kumuuza kanthu. Kodi phazi nalo limakalamba? Anaona mphunzitsi uja akupewa kumuyang'ana, mwaulemu wa anthu a kumapiri, ndipo ulemuwo unamupweteka kuposa chipongwe.

“Zisanu ndi zinayi, bambo Sinisterra. Ndikufuna mundiuze chimene tikudikira, kuti ndichilembe.”

“Ndalakwitsa, dokotala. Pepani nonse.”

Sanapemphe munthu kuti amuthandize. Anagwira kutsogolo kwa matabwa yekha, n'kuyamba kuwakokera pa njanji chafutambuyo, msana utaloza ku mlatho, mapazi ali pa miyala ya pakati. Wilo limodzi linakwera pa chitsulo. Anawerama kuti akweze lachiwiri.

Hutala ya sitima inalira kuseri kwa phiri, yaitali, yokhuthala, n'kudzaza chigwa chonse. Mitu inayi inatembenuka nthawi imodzi. Wachisanu unali chiweramire.

“Bambo Sinisterra,” anatero a dokotala. Anali ataima kumbuyo kwake, mtunda wa mkono umodzi. “Bambo Sinisterra. Baudilio!”

Baudilio anapitiriza kulimbana ndi wilo. Anatilde anataya beseni n'kuyamba kuthamanga, koma anali patali, ndipo udzu wonyowa unamugwetsa. Mutu wa injini unatulukira tsidya lija, wachikasu, ukutulutsa utsi wakuda, n'kuponda mitanda yoyamba ya mlatho. A dokotala Arbeláez, amene mwina chiyambireni ntchito sanagwirepo nzika ya dziko lino ndi manja, anaponya fomu pansi, kumugwira Baudilio pa kolala n'kumutembenuza ngati thumba. Baudilio anaona. Analoza ngodya, a dokotala anagwira, mphunzitsi anagwira inayo, ndipo anakankha matabwawo mpaka anagubuduzikira m'udzu pamodzi ndi iwo atatu.

Injini inadutsa ndi ngolo zitatu, nthaka ikugwedezeka, mabuleki akulira popanda phindu. Woiyendetsa anatulutsa mutu pawindo n'kunena mawu ena okhudza amayi a anthu onse amene anali pamenepo. Itapita, pa njanji panatsala jombo ya boma, yosalala ngati nsomba youma.

Pambuyo pake zinamveka kuti kalata ya kampani sinaname. Sitima sinkayenda mwezi umenewo. Chimene chinadutsacho chinali chochokera kotula miyala pamalo pogumuka paja, chinaima kanthawi kuseri kwa phiri kudikira antchito, ndipo m'mabuku a kampani sichitchedwa sitima koma chipangizo chogwirira ntchito. Zipangizo siziikidwa pa ndandanda.

Anatolera zipatso za Anatilde m'matope, anabwezera kamfiti pa njanji, ndipo anawoloka mlatho. Mayi wa ku Tunja ankapemphera korona chamumtima, foni ataibisa. A dokotala sanafunsenso funso lililonse, ndipo Anatilde analibe choti abwereze. Baudilio sanayang'ane mu kalilole. Ankadziwa kuti munthu amene wachita kumugwira pa kolala hutala ikulira chonchija safunikanso kuyeza makutu.

Atafika, alendo aja anathokoza mobwerezabwereza n'kulowera kumtsinje, kumene anthu anali kuyandama pa machubu ngati palibe chimene chachitika pa dziko. A dokotala anakhala pa benchi ya kanyumba kogulitsira chakudya, atafulatira, fomu yonyowa ataiyala pa tebulo. Baudilio anaima panja, phazi limodzi mu jombo, linalo pa dothi. Ankaona mapewa okha ndi chigongono chikuyenda.

“Ndikawauze,” ananong'ona Anatilde ataima patsogolo pake. “Ndinene kuti mumadwala chimfine, chatseka makutu.”

“Chimfine cha zaka khumi? Khalani pansi, alamu. Bondo lanu likutuluka magazi.”

A dokotala anatembenuka n'kumukodola. Anavula magalasi, anamuyang'ana pankhope penipeni, n'kuyankhula pang'onopang'ono, mawu alionse payekha.

“Makutu anafa liti?”

“Limodzi ndi kale, dokotala. Linali likupita.”

“Pa chitsulo paja munaimva patatsala mphindi zingati?”

“Munawerenga ndinu.”

“Khumi ndi imodzi.” A dokotala anabwezera magalasi, anakweza fomu n'kuwerenga ndi mawu a mu ofesi. “Nambala 14. Kodi woyendetsa amamva sitima ikamabwera? Inde kapena ayi.” Anatembenuza pepalalo, anayang'ana kuseri kwake, anayang'ananso kutsogolo. “Ndafufuza. Makutu sanawatchule. Ine ndili ndi awiri abwinobwino, ndipo ndinaimva itatsala pang'ono kufika pa mlatho.”

Cholembera chinaima pamwamba pa pepala nthawi yaitali kuposa mmene Baudilio akanafunira. Kenaka chinatsika pa inde.

“Nambala 9 mwalakwa, nambala 11 mwalakwa. Jombo ya boma mwawononga, mudzalembe kalata yofotokoza, makope atatu. Chiphaso ndi cha chaka chimodzi.” Anatulutsa chidindo m'thumba, anachiuzira mpweya, n'kudinda. Chidindocho chinatuluka pawiri. “Malo amene mumaimawo alipo angati?”

“Atatu, dokotala.”

“Pobwerera tiime pa onse atatuwo. Ine ndikhala nditaweruka.”

Baudilio anakhala pa benchi n'kuyamba kumasula jombo inatsala ija.

“Koma ndikuchenjezeni,” anatero a dokotala atadikira kuti akweze maso. “Chaka chamawa sikubwera ine. Kubwera makina oyezera makutu, ndipo makina sawerenga kuseri kwa pepala.”

“Agula kale?”

“Asankha kale komiti yoti ikaone za kagulidwe kake.”

Anatilde anasiya kupukuta bondo. “Ndiye muli ndi zaka khumi, alamu,” anatero. “Agulireni a dokotala nsomba.”